Galimoto ya Zipsera: Kukonza Kaye Kapena Kugulitsa Momwemo?

Kuyambira mwezi wa June kufika cha mu September, chimanga, soya ndi mtedza zikachoka m'munda n'kulowa m'matumba, ndalama zimayenda ku Chadiza. Mlimi amene wakhala akudalira ngolo amayamba kufunsa mtengo wa Canter. Mnyamata wa njinga yamoto amawerengera ngati angakwanitse Corolla yoti azinyamulira anthu. Nayenso mphunzitsi amene watopa ndi galimoto yake amamata pepala pagalasi lakumbuyo, nambala ya foni ili m'munsi. Koma asanamate pepalalo amaizungulira kaye, ndipo pamenepo m'pamene amayamba kuona zimene maso ake anazolowera kalekale: bampa yomangidwa ndi waya, chitseko chimene ngolo inachikhula, mizere ya minga m'mbali monse, denga lotuwa ndi dzuwa. Funso limabwera lokha. Ndikonze kaye, kapena ndigulitse momwemo?

Ine ndimati penti wa galimoto yonse musamuganizire n'komwe, pokhapokha pakhale chifukwa chapadera chimene nditchule kutsogoloku. Komabe pakati pa zinthu zimene timati n'zamaonekedwe chabe pamabisala zina zimene si zamaonekedwe ayi, ndipo wogulitsa akazisiya amataya ndalama zambiri kuposa zimene akanakonzera.

Tiyambe ndi wogula, poti ndalama zili m'thumba mwake. Magalimoto ambiri ogulitsidwa m'boma lino si oyendera kutchalitchi Lamlungu lokha. Ndi antchito. Corolla, Spacio, Sienta ndi Noah zimanyamula anthu pakati pa Chadiza ndi Chipata, ulendo wa makilomita opitirira 70, kapena kulowera ku Katete. Canter ndi Hilux zimanyamula chimanga kupita kumadepoti a FRA, feteleza, njerwa, ngakhale anthu opita kumaliro. Munthu wofuna galimoto ya ntchito zotere akafika sayamba ndi kusisita chitseko. Amati, “Bwana, ndibwera m'mamawa, musailize ndisanafike.” Akufuna amve ngati injini yozizira ikulira ndi kiyi kamodzi. Amayang'ana utsi, amasolola kachitsulo koyezera oyilo, amagwada kuona ngati pansi pakudontha, amaigwedeza kuti amve mashoko, kenako amaikweza pachitunda kuti amve giyabokosi. Akudziwa kuti njira zafumbi zopita kwa Mlolo, kwa Zingalume ndi kwa Mwangala zidzabweza mizere yonse ija mvula isanagwe, kaya mwapenta kaya simunapente. Ndalama zimene mwapatsa wopopera penti iye saona chifukwa choti akubwezereni.

Palinso china chimene Lusaka ilibe. Pamalo pochepa anthu, galimoto iliyonse ili ndi mbiri yake ndipo mbiriyo si yachinsinsi. Madalaivala a pasiteji amadziwa kuti iyi inali ya ndani, inagunda ng'ombe chaka chiti, ndi makaniko uti anaitsitsa injini. Wogula amakupezani atafunsa kale. Akaona galimoto imene dzana inali yotuwa lero ikunyezimira, funso loyamba m'mutu mwake ndi lakuti, akubisa chiyani?

Nkhawa imeneyi si ya kwathu kokha. Mu 1970 katswiri wa zachuma wa ku America, George Akerlof, analemba nkhani yokhudza msika wa magalimoto akale, ndipo nkhaniyo ndi imene inamutsegulira njira yolandira mphoto ya Nobel mu 2001. Mfundo yake si yovuta kumva. Wogulitsa amaidziwa galimoto yake, wogula saidziwa. Poti wogula sangasiyanitse yabwino ndi yowonongeka m'kati, amatchula mtengo wodzitetezera, ndipo amene amapwetekeka ndi mwini galimoto yabwino, mwinanso amangoleka osagulitsa. Ndiye kuti chotsitsa mtengo kwambiri ndi mantha a vuto losaoneka. Chitseko cholowa m'kati wogula amachiona, amachigwira, amatha kuwerengera kuti kuchiwongola n'ndalama zingati. Koma penti wowala pagalimoto ya zaka 15 sangadziwe kuti waphimba chiyani. Inagubuduzika? Chasisi chinapindika? Pansi pa pentiyo pali chitsulo kapena fila, phala lomata polowa m'kati? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo palibe amene amaukumbukira mwambiwu msanga kuposa munthu amene wanyamula ndalama za soya wa chaka chonse.

Ogula ochenjera ali ndi njira zawo. Amayenda ndi kamaginito kokulunga m'kansalu n'kumakagunditsa pazitseko ndi m'mbali; pamene pali fila yochindikala kamaginitoko sikagwira bwino. Amatsegula zitseko kuona ngati mtundu wa m'kati ukufanana ndi wakunja. Amayang'ana mphira wa m'mawindo ndi m'mphepete mwa nyale ngati muli madontho a penti. Amaima chapatali padzuwa n'kuyang'ana galimoto chammbali, chifukwa malo owongoledwa mwachangu amaoneka mafundemafunde. Ena amayang'ananso mabauti a boneti ngati anamasulidwapo. Akangopeza chimodzi, zonse zimene munanena poyamba amazikayikira, za injini zomwe, ngakhale zinali zoona.

N'zochititsa chidwi kuti dziko limene magalimoto athu ambiri amachokera linasankha kulemba zilema m'malo mozikwirira. Ku Japan galimoto yatsopano imapimidwa ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kupimitsako n'kodula. Chimenechi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene eni ake amaigulitsira ikadali yolimba. M'misika ya okishoni monga ya USS, wopima amakhala ndi pepala lojambulidwa galimoto ndipo amalemba chilema chilichonse pamalo pake. A ndi pokandika, U ndi polowa m'kati, W ndi pamene panakonzedwapo koma pakuoneka mafunde, XX ndi chitsulo chimene chinasinthidwa, ndipo nambala yotsatira chilembo imasonyeza kukula kwa vutolo. Kenako galimoto yonse imapatsidwa giredi, monga 4 kapena 3.5. Imene inachita ngozi mpaka kukonzedwa chimango chake imalembedwa R, ngakhale iwale chotani. Choncho galimoto ya mizere yosakonza itha kukhala ndi giredi yabwino kuposa inzake yosalala. Magalimotowa akatsika padoko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko pa Nakonde, pepala lija nthawi zambiri silifika kwa wogula wachiwiri ndi wachitatu, koma nzeru yake tingathe kuibwereka.

Kuti munthu asankhe bwino zokonza ndi zosiya, adziweko pang'ono mmene penti amakhalira. Pamwamba pa chitsulo pamakhala pulayima, amene amagwira chitsulo ndi kuchiteteza. Pamwamba pake pamabwera penti wa mtundu, ndipo pa magalimoto ambiri a masiku ano pamwamba penipeni pamakhala penti woonekera m'kati, amene opopera amati kiliya, wopatsa galimoto kuwala. Mizere yambiri ya minga ndi udzu imathera mu kiliyamo. Yendetsani chikhadabo pamzerepo: chikadutsa osakodwa, polishi wabwino ndi dzanja loleza mtima zidzauchotsa kapena kuuzimitsa ndithu. Chikakodwa, mzerewo walowa, ndipo polishi sangathandize. Mukaona chitsulo chenicheni chikuonekera, imeneyo yasiya kukhala nkhani ya maonekedwe, chifukwa mvula ya December ikachipeza dzimbiri liyamba.

Kufananitsa mtundu ndiye kovuta kuposa mmene ambiri amaganizira. Galimoto iliyonse ya Toyota ili ndi nambala ya penti pakachitsulo ka m'kati mwa boneti kapena pamphuthu ya chitseko. Nambala 040 ndi woyera wamba, 070 ndi woyera wothwanima, 1F7 ndi wasiliva. Woyera wamba savuta kwenikweni. Wa 070 amapoperedwa magawo atatu, ndipo wasiliva amasintha maonekedwe malinga ndi mmene dzanja la wopopera likuyendera komanso mphamvu ya mpweya. Ngakhale wosakaniza atatsata nambala ndendende, penti watsopano amatuluka mmene galimoto inalili ikuchoka kufakitale, pamene penti wakale wakhala akupsa ndi dzuwa la October kwa zaka zambiri. Mapeto ake chitseko chimodzi chimakhala chosiyana ndi zinzake, ndipo chimakopa maso kuposa mmene kadenti kaja kankachitira. Kuti kusiyanako kusaoneke, mmisiri wabwino amapopera pang'ono ndi mbali zoyandikana nazo. Ntchito yakula, mtengo wakwera.

Ndiye pali malo ogwirira ntchitoyo. Penti amafuna chipinda chotsekeka bwino, chopanda fumbi, ndi nthawi yoti gawo lililonse liume. Kupopera pabwalo, pansi pa mtengo wa mango, m'mphepo ya August, n'kuitanira fumbi ndi tizilombo kuti zikhazikike mu penti mpaka kalekale. Sindikunyoza amisiri athu. Ena ali ndi manja odabwitsa, amatha kubweza chitseko chopindika ndi hamala yokha. Koma mwini galimoto akati “ingopangani yotchipa, ndikugulitsa,” mmisiri amamva bwino lomwe. Amadumpha kuwongola n'kudzaza fila, amachepetsa pulayima, amasungunula penti kwambiri. Fila anaipangira kusalaza timabampu totsala chitsulo chikawongoledwa kale. Ikaikidwa mochindikala, msewu wa mabampu umaigwedeza mpaka imang'aluka, madzi amalowa m'ming'alumo, ndipo dzimbiri limadya chitsulo mobisika. Galimoto yotere imakhala yoipa kuposa mmene inalili isanakonzedwe.

Tiyeni tiwerengere, ndi manambala ongoyerekeza kuti tione mmene masamu ake amayendera. Mwati galimoto yanu mukufuna K70,000. Wogula waloza chitseko n'kunena kuti muchotsepo K3,000. Kukonza chitsekocho bwinobwino kungadye K2,500, kuonjezapo mafuta opita ndi kubwera ku Chipata ndi masiku amene galimoto yagona kugalaja. Phindu lili kuti? Mukati mupente yonse, mwina K10,000 yapita, koma mtengo wa galimoto sukwera ndi K10,000, chifukwa uli ndi malire ake. Wogula amadziwa kuti akaonjezera ndalama zina atha kuitanitsa ya mtundu womwewo kudzera ku BE FORWARD kapena SBT, imene sinalawepo fumbi lathu. Mukayandikira mtengo umenewo, yanu amaisiya. Inshuwalansi nayo sikuthandizani ngati muli ndi ya third party, imene ambiri tili nayo, poti siikonza galimoto ya mwini wake.

Ndipo tisaiwale khalidwe lathu pamsika. Munthu wa kwathu sagula osanenerera. Kulipira mtengo woyamba amakuona ngati kupusitsidwa. Mukachotsa denti apeza tayala. Mukasintha tayala apeza mpando. Chilema chooneka, chodziwika mtengo wake, chimamupatsa poyambira, inu n'kutsitsa ndalama imene munaiikiratu kale pambali, aliyense n'kunyamuka ali wokhutira. Ine ndimaona kuti kadenti koteroko kamamugwirira ntchito wogulitsa.

Tsono zokonza ndi ziti? Choyamba ndi chilichonse chimene chingaimitse galimoto pa rodibuloko kapena kuilepheretsa fitinesi. Bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamsewu la 2002, limafuna kuti galimoto yakale izipimidwa chaka ndi chaka. Galasi lakutsogolo long'aluka modutsa pamaso pa dalaivala, nyale yosweka, indiketa yosayaka, galasi loonera kumbuyo lothyoka, bampa yolendewera, zonyezimira zoyera kutsogolo ndi zofiira kumbuyo zikasowa: zonsezi mwini galimoto amaziona ngati zazing'ono, koma wogula amaona wapolisi, chindapusa ndi tsiku lotayika. Apa masamu aja amatembenuka. Nyale yakale ya pasitolo ya masipeya mwina ndi K600, koma wogula adzafuna kuchotsa kangapo kuposa pamenepo, chifukwa akulipiritsa ndi vuto lokaifunafuna. Mng'alu wa pagalasi nawonso suima pamodzi. Kutentha kwa masana, kuzizira kwa usiku ndi kugwedezeka kwa msewu zimautalikitsa, moti wogula akabweranso sabata yamawa adzaupeza wakula.

Chachiwiri ndi dzimbiri longoyamba kumene. Kupala ndi sandipepa, kupaka pulayima ndi kapenti pang'ono pamalo pokhapo sikudula, ndipo simukubisa kanthu. Muuzeni wogula kuti apa ndinatseka kuti pasachite dzimbiri. Bampa ya pulasitiki yokandika isiyeni, siichita dzimbiri. Ingoimangani ndi timapini take m'malo mwa waya.

Chachitatu, chimene chimabweza ndalama kuposa zonse, ndi madzi ndi sopo. Galimoto imene yanyamula nkhuku, matumba a feteleza ndi ana kwa zaka zisanu imakhala ndi fungo limene mwini wake samalimvanso. Chotsani mipando ngati n'kotheka, chapani makapeti, yanikani padzuwa, pukutani denga la m'kati ndi dashibodi. Mpando wong'ambika telala wa pamsika atha kuusoka tsiku limodzi. Nyale zakutsogolo zimene zasanduka zachikasu ndi pulasitiki yopsa ndi dzuwa. Sandipepa wosalala kwambiri, madzi ndi polishi zimaziwalitsanso, ndipo galimoto imaoneka yocheperako zaka komanso imaunika bwino usiku. Koma injini musaichape tsiku limene wogula akubwera. Injini yowala ngati yatsopano pagalimoto yakale imamuuza kuti mwafufuta pamene pamadontha oyilo. Isiyeni ndi fumbi lake louma, limenelo ndi umboni wokuikirani kumbuyo.

Chifukwa chapadera chija n'chiti? Ndi pamene galimoto ikadali yatsopanoko, ya mtengo wokwera, yopanda chilema china koma chimodzi chokha, ndipo mukufuna kuigulitsa kwa munthu wapantchito ku Chipata kapena ku Lusaka. Wogula ameneyu amayamba kuiona pachithunzi pa Facebook kapena pa WhatsApp, pakati pa zinzake zambirimbiri, ndipo chala chake chimadutsa msanga pa yophwanyika mbali. Iye akugula ndi ulemu womwe. Apa kukonza kuli ndi phindu, bola kukhale kwa mmisiri wodziwa, ndipo mujambule zithunzi musanakonze, pokonza ndi mutakonza, n'kusunga lisiti. Zithunzizo ndi zimene zidzatsimikizire wogula kuti panali denti ya chitseko basi, osati ngozi yaikulu. Koma ngati mukugulitsa kwa maejenti kapena eni mayadi a magalimoto, musakonze chilichonse cha penti. Iwo ali ndi amisiri awo owachitira motchipa kuposa inu, ndipo mtengo umene angakupatseni anaudula kale asanaione n'komwe.

Nthawi nayo ndi ndalama, makamaka kuno kumene msika wa magalimoto umatsata zokolola. Galimoto imene yalowa m'galaja mu July n'kutuluka mu October, poti mmisiri anali ndi maliro, kenako magetsi anazima, kenako penti anatha ku Chipata, imapeza ogula atayamba kale kuganiza za mbewu, feteleza ndi zofunika za sukulu za January. Ngati inali takisi, masiku onsewo sinabweretse kalikonse.

Pali mbali ina imene anthu okhala kufupi ndi malire sayenera kuichepetsa. Chadiza ili pakhomo pa Mozambique, chipata cha Chanida chili pafupi, Malawi nayenso sali patali, ndipo apolisi a m'mayiko a kumwera kwa Africa akhala akugwirizana polimbana ndi kuba magalimoto kudzera mu bungwe la SARPCCO kuyambira 1995. Mtundu wa galimoto umalembedwa mu white book. Mukasintha yoyera kukhala yakuda osakasinthitsa zolembedwa ku RTSA, mwapatsa wogula wanu mlandu umene sanaupalamule. Choopsa kwambiri ndi wopopera wosasamala amene amadutsitsa penti kapena sandipepa pa nambala ya chasisi. Posintha umwini galimoto imaonedwa ndi apolisi komanso a RTSA, ndipo nambala imene ikuoneka ngati yakhudzidwa imabweretsa mafunso amene angaimitse malonda onse ngakhale galimotoyo ili yanu ndithu. Mukapereka galimoto kugalaja, musonyezeni mmisiri pamene pali nambalayo ndipo mumuuze aphimbepo.

Zikatere, chotsala ndi pakamwa pa wogulitsa. Muzungulireni wogula galimoto nokha, mumulozere musanafunsidwe: “Apa, akulu, ndi ngolo. Apa mwana ankaphunzira kubwerera m'mbuyo. Fenda iyi ndinasintha, lisiti ndi ili.” Munthu amene wauzidwa zilema zitatu zimene akanaziona yekha amakhulupirira msanga mukamuuza kuti injini sinatsegulidwepo. Ndipo ku Chadiza wogulayo sapita kutali. Mudzakumana naye kuchigayo, kumaliro, ku Kulamba ku Mkaika mu August, ndipo fila ikadzagwa pachitseko adzadziwa nyumba yanu, achibale anu ndi mfumu yanu.

Zimene mwanena pakamwazo zilembedwenso m'kalata yogulitsira: nambala ya chasisi ndi ya injini, mtengo, tsiku, manambala a NRC a nonse awiri, zilema zimene wogula waziona n'kuzivomera, ndi mboni ziwiri zosainira. Ndalama zimene mukanapatsa wopopera penti zigwire ntchito pa fitinesi, msonkho wa pamsewu ndi ulendo wopita limodzi ndi wogula ku RTSA ku Chipata kukasintha dzina. Ambiri amazengereza pamenepa, wogula amati adzasintha akapeza ndalama, zaka n'kumapita. Galimotoyo ikadzagunda munthu pamsewu wa Katete dalaivala n'kuthawa, apolisi adzayamba kufunafuna amene dzina lake lili mu white book.